Akuti khola la ng'ombe la mwana wanga ndi "illegal"

Bambo a Yami: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo koma musandiseke. Loweruka lapitali ine ndi Yami tinamanga khola la ng'ombe lozungulira ndi tinjerwa ta LEGO tija alamu anga anatitumizira kuchokera ku UK. Tinasankha ta 1x2 tokhatokha, ta timitu tiwiri pamwamba tija, n'kumatiyala molumphanitsa ngati mmene amisiri amayalira njerwa zenizeni. Mzere utatalika tinayamba kuupinda pang'onopang'ono mpaka uku ndi uku kunakumana. Mizere inayi kukwera m'mwamba. Linakongola moti ndinajambula n'kuponya pa gulu lina la akunja pa Facebook. Sipanathe ola, wina analemba kuti "illegal technique", enanso n'kumaikapo nkhope zoseka. Abale, ndaphwanya lamulo liti? Njerwazo sitinabe.

Kadaunda: Achimwene, konzekani bulangete ndi sopo, a polisi a ku Denmark anyamuka kale.

Bambo a Yami: Ndinanena kuti musandiseke inu a Kadaunda.

Wa ku Joni: Mtima m'malo Bambo a Yami, palibe mlandu. Mawu amenewo ndi a m'kati mwa kampani ya LEGO, ku Billund ku Denmark komwe kuli likulu lawo. Anthu amene amalembedwa ntchito yokonza maseti ogulitsa ali ndi malamulo awo a kalumikizidwe ka zidutswa. Kalumikizidwe kamene kamapanikiza pulasitiki, kapena kamene mwana sangathe kumasula ndi zala zake, saloledwa kukaika m'bokosi. Kameneko ndiye amati "illegal". Mawuwa anafalikira kunja kuno mu 2006, pamene Jamie Berard, mmodzi mwa okonza maseti awo, anakamba nkhani pa msonkhano wa okonda LEGO ku America, mutu wake "Stressing the Elements". Ndi yemwe uja anakonza seti ya Café Corner ya 2007. Zithunzi za nkhani yakeyo zinalowa pa intaneti, ndipo chiyambire pamenepo aliyense amene waziwerenga amadziona ngati woweruza milandu.

Bambo a Yami: Ndiye kuti ndi lamulo la antchito awo, osati la ine wogula?

Wa ku Joni: Ndendende. Inu kwanu mutha kuzitafuna kumene, palibe akufunseni.

AnaPhiri a ku Leeds: Musawauze zotafuna, ana akuwerenga nawo. Koma Bambo a Yami, ngakhale lamulolo si lanu, chifukwa chake chikukukhudzani. Ndifunseko, pamene mumatseka bwalo lija, mbali ziwiri zomaliza zinakumana zokha kapena munachita kukoka?

Bambo a Yami: Kukoka ndithu achemwali. Yami anagwira uku, ine uku, ndipo linkalira kuti tswi tswi. Kawiri konse linatiphulikira m'manja, tinjerwa n'kumwazika mpaka pansi pa sofa.

AnaPhiri a ku Leeds: Kulira kumeneko ndiye nkhani yonse.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ine ndilowepo. Zimenezi zimandinyansa kwabasi. Tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero cha bango, palibe anabwera kudzatiuza kuti waya uyu sapindidwa chonchi. Lero munthu wapeza nzeru yoti njerwa ya makona anayi ibereke bwalo, mmalo momuombera m'manja akumutchula wophwanya lamulo. Kampani ikufuna mugule chidutswa chokhota chomwe iwo apanga, basi. Ndi malonda amenewo.

Wa ku Joni: Pa malonda sindikutsutsani akulu, kampani iliyonse imafuna ndalama. Koma waya ndi pulasitiki iyi ndi zosiyana. Waya mukaupinda wapindika, ntchito yake yatha pomwepo, simudzaufunanso wowongoka. Njerwa ya LEGO phindu lake lonse lili pakuti mawa muimasule n'kumangira china, ndipo igwirebe ngati dzulo. Ikatambasuka pang'ono pokha, yasanduka mwala wa pa bawo.

Aphunzitsi a Masamu: Ndadikira kuti mufike pamene ndingathandize. Tiyeni tiwerenge, chifukwa nkhaniyi ndi ya manambala. Kuchokera pakati pa kamutu kamodzi, kamene iwo amati stud, kufika pakati pa kanzake ndi mamilimita 8. Ndiye njerwa ya 1x2 imayenera kukhala mamilimita 16 m'litali. Koma mukaiyeza ndi 15.8. Anachotsako 0.1 mbali iliyonse dala, kuti njerwa zoyandikana zisamakhulane. Choncho pakati pa njerwa ziwiri zogundizana pali kampata ka 0.2, koonda ngati mapepala awiri. Bambo a Yami pamene amapinda khoma lawo amadya kampata kameneka. Mkati mwa bwalo ngodya za njerwa zimayandikana mpaka kugundana, kunja zimatalikirana.

Ndawerengera pa pepala pano. Kampatako kamalola njerwa iliyonse kukhota pafupifupi madigiri 3 isanagunde inzake. Bwalo lonse ndi madigiri 360. Ndiye pafunika njerwa pafupifupi 120 pa mzere umodzi kuti bwalo litseke popanda kukakamiza chilichonse, ndipo bwalo lotero lingakhale pafupifupi masentimita 60 kuchoka uku kufika uko. Bambo a Yami, lanu ndi lalikulu bwanji?

Bambo a Yami: Aa, silikufika pamenepo. Ngati chivundikiro cha ndowa. Ndawerenga tsopano lino pa chithunzi, mzere umodzi uli ndi njerwa 70 ndi kangapo.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye njerwa iliyonse ikukhota pafupifupi madigiri 5. Atatu ndi aulere, awiri otsalawo akulipira ndi pulasitiki. Timitu tikukokedwa chammbali, makoma a njerwa akukankhidwira kunja, usana ndi usiku osapuma.

Kadaunda: Aphunzitsi, mukanatiphunzitsa chonchi ku sekondale bwenzi ena tili ma injiniya.

Aphunzitsi a Masamu: Ndinkaphunzitsa chonchi ndithu, inu munali kumbuyo mukudya zitumbuwa.

Mmisiri wa ku Ndirande: Masamu ndawamva ndipo sindingalimbane nawo. Koma pulasitiki imabwerera. Chigubu mukachiponda chimadzuka.

AnaPhiri a ku Leeds: Chimadzuka mukachotsa phazi msanga. Chisiyeni mwezi wathunthu pansi pa thumba la chimanga muone ngati chidzuke. Ndikuuzeni zanga. Mwana wanga wamkulu anamanga bwato, ndipo pofuna thanga anatenga puleti, kachidutswa kopyapyala kuposa njerwa kaja, n'kuiimika chilili pakati pa mizere iwiri ya timitu. Inalowa mothina, iye n'kusangalala kuti sikugwa. Bwatolo linakhala pawindo kuyambira Khirisimasi mpaka sukulu zitatsekera chilimwe. Tsiku lomasula tinapeza m'mphepete mwa puleti muli timizere toyera, ngati mmene chimaonekera chikho cha pulasitiki mukachipinda, ndipo mbali imodzi inali itafinyika. Mpaka lero puleti imeneyo ukaiika pa njerwa n'kutembenuza, imagwa yokha. Sindinadandaulire wina aliyense, tinaipanikiza tokha.

Wa ku Joni: Chimene anachita mwana wanuyo ndiye chitsanzo chotchuka kuposa zonse, chili m'zithunzi za Berard zija. Ndipo choseketsa n'chakuti kampaniyo inkachita yokha zimenezi. M'maseti a zaka za m'ma 1970, akavalo ankamangidwa ndi njerwa, ndipo makutu ake inali puleti yolowetsedwa pakati pa timitu chomwecho. Mpaka pano okonda LEGO amatchula kalumikizidwe kameneka kuti makutu a kavalo. Anadzaletsa pambuyo pake.

Mmisiri wa ku Ndirande: Mwaona? Dzulo zololedwa, lero zoletsedwa. Lamulo lotani losinthasintha ngati mtengo wa mafuta?

Aphunzitsi a Masamu: Apa pali kanthu kokoma. Kamutu m'mimba mwake ndi mamilimita 4.8. Chotsani pa 8, mutsala ndi 3.2, ndiwo mpata wa pakati pa timitu tiwiri. Puleti nayo kuchindikala kwake ndi 3.2. Pa pepala zikukwanirana bwinobwino, n'chifukwa chake mwana aliyense amazitulukira yekha popanda womuuza. Vuto n'lakuti palibe mpata wopumira ngakhale pang'ono.

Wa ku Joni: Ndipo mukatenga tailosi, yosalala pamwamba ija yopanda timitu, n'kuiimika pamalo omwewo, imeneyo amalola. Ndi yopyapyala pang'ono zedi kuposa puleti, komanso ilibe timitu toti tigundane ndi tinzake. Mu seti ya roketi ya Saturn V ya 2017, ya zidutswa 1,969 ija, mbendera ya pa mwezi ndi tailosi yoimikidwa pakati pa timitu. Ndinaimanga ndi manja angawa kwa bwana wanga wakale, ndinadabwa kuti kodi izi si zoletsedwa zija.

Kadaunda: Ndiye puleti ndi mlandu, tailosi ndi belo.

Mayi a Mapasa: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku msika. Funso langa ndi lina. Zathu ife timagula pa kaunjika, m'timatumba tosakaniza, zina zolembedwa LEGO pa kamutu, zina zosalembedwa kanthu. Kodi kusakaniza zimenezi nakonso ndi "illegal"?

Wa ku Joni: Mayi, imeneyo ndi nkhani ina, ya anthu okonda mtundu umodzi. Sikukhudzana ndi lamulo tikunenali. Chenjezo langa n'lakuti zosalembedwazo zimasiyanasiyana, zina ndi zabwino ndithu, zina zimathina mopitirira, zina zimakhwepa. Yothina kwambiri ikakhala nthawi yaitali pa njerwa yabwino imatha kuitambasula. Muziyesa ndi dzanja. Ngati mukufunika mano kuti mumasule, ipatuleni.

Mayi a Mapasa: Mano ndiye chida chachikulu kwathu kuno. Timitu tonse tili ndi zipsera.

AnaPhiri a ku Leeds: Pali kachida kalalanje komasulira, kamabwera m'maseti akuluakulu. Ndili nato tambiri tongokhala, ndikapeza wobwera kumudzi ndikupatsirani. Mano a ana ndi odula kuposa njerwa.

Bambo a Yami: Ndibwerere kwa a ku Joni. Kupatula kupinda ndi makutu a kavalo, china choletsedwa n'chiyani? Ndikufuna ndidziwe milandu yanga yonse lero lomwe.

Wa ku Joni: Yambiri ili pamene njerwa wamba zikumana ndi za Technic, zija zili ndi mabowo m'mbali. Ndiyambe ndi imene inandizunguza mutu ine. Pali njerwa zina zokhala ndi kamutu m'mbali, zomangira chammbali, kamangidwe kamene amati SNOT, kutanthauza kuti timitu sitili pamwamba. Mukayang'ana ndi maso, kamutu ka m'mbaliko ndi bowo la Technic zili pa msinkhu umodzi. Koma ayi. Pakati pa kamutu kaja pali mamilimita 3.92 kuchokera pamwamba pa njerwa, pamene pakati pa bowo pali 3.80. Bowo analikweza dala kuti pansi pake patsale malo olowa kamutu ka njerwa ya m'munsi. Kusiyana kwake ndi 0.12 basi. Koma mukalumikiza ziwirizi n'kumanga zina pamwamba ndi pansi, china chake chiyenera kupindika kuti zigwirizane.

Chachiwiri, bowo la Technic ndi lothina pang'ono kuposa kunsi kwa njerwa wamba. Kamutu kamodzi kulowa m'bowo limodzi, palibe vuto kwenikweni. Koma mukatenga puleti yaitali n'kulowetsa timitu take tonse m'mabowo a njerwa ya Technic, imagwira ngati yawotcheredwa. Mwana wa zaka 7 sangaichotse, ndipo muyeso wawo ndi mwana ameneyo, osati inu ndi ine.

Chachitatu ndi mapini. Pini ya Technic ili ndi kamlomo kumapeto kamene kamafinyika polowa, kenako n'kutambasuka kakafika tsidya, mumamva kuti thwa. Mukaisiya panjira isanalire, kapena mukailowetsa kunsi kwa njerwa komwe kulibe malo otambasukira, imakhala yofinyika moyo wake wonse. Mukadzaitulutsa yafooka, sigwiranso.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ya piniyo ndiye ndaimva bwino, chifukwa n'chimodzimodzi sipuling'i. Mukaisiya yopanikizidwa chaka chathunthu imaiwala kutalika kwake. Pamenepo ndavomera. Koma 0.12 ya milimita? Akulu, ine ndimawotcherera mageti, ndikaphonya ndi mamilimita awiri kasitomala saona n'komwe.

Aphunzitsi a Masamu: Geti lanu lili ndi mpata wa mamilimita angati pa mahinjesi? Njerwa iyi mpata wake wonse ndi 0.1 mbali imodzi. Ndiye kuphonya ndi 0.12 kwadya mpata wonse n'kupitirira. Ndipo pali chinanso chimene ndinaseka nditamva. Zilembo zija za LEGO zolembedwa pa kamutu zimatukuka ndi mamilimita 0.14. Pali malo ena pamene chidutswa chikanadutsa bwinobwino pamwamba pa kamutu, koma chimakhula pa zilembozo. Dzina la kampani lenilenilo ndi limene limapalamulitsa.

Kadaunda: Kwathu timati dzina lalemera.

Mlongo wa ku Chipata: Muli bwanji bonse. Ine nifunseko za zoonekera mkati zija, monga magalasi. Mwana wanga analowetsa kandodo koonekera mkati mu kachidutswa kosongoka koonekeranso mkati, kupanga nyali ya galimoto ya polisi. Lomba vakangiwa kuchoka, tayesa na pulayala.

Wa ku Joni: Alongo, siyani pulayala muthyola. Zimenezo ndi zakale eti? Njerwa wamba ndi za pulasitiki yotchedwa ABS, akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 1963. Koma ABS siyoonekera mkati, ndiye kwa zaka zambiri zoonekerazo ankapanga ndi ina, polycarbonate. Imeneyi ikakumana ndi inzake ya mtundu womwewo zimakakamirana koopsa, n'chifukwa chake kulowetsa kandodo kotere m'chidutswa chotere kunali koletsedwa. Masiku ano zoonekera mkati akupanga ndi pulasitiki ina, MABS. Ndiye a Mmisiri akamati lamulo limasinthasintha akunena zoona, koma limasintha chifukwa zipangizo ndi zikombole zasintha. Zithunzi za 2006 zija anthu amazitenga ngati malemba, chonsecho zina mwa izo zinapitidwa kale ndi nthawi.

Yesani kuviika m'madzi ofunda a sopo, osati otentha, kenako muzipotokola pang'onopang'ono m'malo mokoka.

Mlongo wa ku Chipata: Zikomo, nizayesa mailo.

Mmisiri wa ku Ndirande: Chabwino, ndifunse funso limene likundivuta. Zinyumba zikuluzikulu zija za ku paki ya LEGOLAND, zimakhala panja pa dzuwa ndi mvula, mukufuna kundiuza kuti zangolumikizidwa ndi timitu? Ndinaona pa kanema akupaka guluu.

Wa ku Joni: Amamata ndithu, ndipo zazikulu kwambiri zimakhala ndi zitsulo mkati. Paki yoyamba ya ku Billund inatsegulidwa mu 1968, ndipo zoonetsa zotere ndi ntchito ina, palibe mwana adzazimasule.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ndiye eni ake akamata ndi guluu ndi luso, Bambo a Yami akapinda khoma ndi mlandu. Ine pamenepa mpamene ndimakanira. Mawu akuti "illegal" ndi olemera kwambiri pa choseweretsa. Amachititsa munthu manyazi pa chinthu chimene anayenera kunyadira. Taonani bambo awa, amanga chinthu ndi mwana wawo Loweruka lonse, m'malo mokhala ku bawa, ndiye wina wa kutsidya la nyanja akuwaseka.

AnaPhiri a ku Leeds: Pa manyazipo ndili nanu a Mmisiri. Kunonso ndimapita ndi ana ku zionetsero za anthu akuluakulu omanga zawozawo, ndipo zokongola kwambiri zambiri zili ndi kalumikizidwe koletsedwa penapake. Eni ake amachita kukuonetsa monyadira, ati taonani apa ndinaba. Amene analemba pa chithunzi cha Bambo a Yami mwina amangocheza, chifukwa mawuwa kuno asanduka nthabwala. Koma pali kusiyana kumodzi kumene sitiyenera kukubisa. Mnzanga wa kuno njerwa ikasweka amalowa pa BrickLink, msika wa zidutswa za LEGO wa pa intaneti, kuitanitsa ina, pakutha pa sabata yafika pakhomo. Bambo a Yami ikasweka adikira mpaka alamu awo adzabwere ku tchuthi. Ndiye amene ayenera kusamala kwambiri pulasitiki yake ndani?

Bambo a Yami: Apo mwalasa achemwali. Thumba lija linayenda miyezi itatu.

Wa ku Joni: Ngakhale kuno, sitolo yovomerezeka ya LEGO inatsegulidwa ku Sandton City mu 2018, koma mitengo yake munthu umangolowa kukaona n'kutuluka uli phee. Ndiye zanga ndimazisamala ngati mazira. Ndiwonjezere za kutentha. Iwo seti isanatuluke amaiika mu uvuni kuti aone ngati penapake pagwe kapena kusweka, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kutopa kwa pulasitiki yopanikizika. Tsono ganizirani nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala. Uvuni mwaupeza kale waulere.

Bambo a Yami: Ndipo khola lili pa shelefu ya pafupi ndi windo la kumadzulo.

Kadaunda: Ng'ombe zapsa kale izo, tibwere ndi mchere.

Mayi a Mapasa: Koma inu mwangoti ichi ayi, icho ayi. Nanga munthu akafuna chozungulira achite bwanji? Mapasa anga akufuna chitsime.

Aphunzitsi a Masamu: Njira zilipo mayi. Yophweka ndi kusakaniza njerwa za makona ndi tinjerwa tobulungira ta 1x1. Muike ya 1x2, kenako kobulungira, kenako ya 1x2, mzere wa pamwamba n'kulumphanitsa. Kobulungirako kalibe ngodya yoti igunde inzake, ndiye khoma limakhota mosavuta ndipo bwalo limatha kuchepa kwambiri. Maonekedwe ake amakhala ngati khoma la miyala, chitsime chingakongole nacho.

Wa ku Joni: Palinso puleti ya 1x2 yobulungira kumapeto konse, inayamba kutuluka mu 2018. Imeneyo mukailumikiza ndi inzake imakhota ngati tcheni cha njinga. Komanso mahinjesi. Kungoti a mtundu wolira thwa thwa aja ayenera kuima pamene alirira, osati pakati, apo ayi timano take timakhala topanikizika.

Aphunzitsi a Masamu: Ndipo amene akufuna khoma lodutsa mopingasa pa bolodi la timitu lomangirapo lija, osati lozungulira, akumbukire Pythagoras. Makona atatu a 3, 4, 5. Yendani mipata itatu chammbali, inayi chokwera, ndiye mzere wopingasa ukhala mipata isanu ndendende, timitu tikumana popanda kukoka. Koma samalani powerenga, muwerenge mipata osati timitu. Mipata isanu ndi timitu sikisi, ndiye mufunika puleti ya 1x6. Muikweze pa tinjerwa tiwiri tobulungira kumapeto kwake, kuti pakati pake isakhule timitu ta bolodi. Ana a Fomu 2 ndikawaonetsa zimenezi amagwira msanga kuposa pa bolodi la choko. Ya 5, 12, 13 imagwiranso, ngati muli ndi puleti yaitali chotero.

Mmisiri wa ku Ndirande: 3, 4, 5 ndiye timaigwiritsa ntchito poika maziko a nyumba, ndi chingwe ndi zikhomo. Sindinkadziwa kuti ili ndi mwini wake.

Koma ndinenebe maganizo anga omaliza, kenako ndikagwire ntchito, magetsi abwera. Ine ndikanakhala Bambo a Yami sindikanaphwasula. Chinthu chokongola chili ndi mtengo wake. Njerwa zisanu zikafooka, zafookera ntchito yabwino. Timadula mtengo kuti tipeze mpando.

AnaPhiri a ku Leeds: Zikanakhala njerwa za Bambo a Yami ndikanavomera. Koma ndi za Yami. Mufunseni mwini wake ngati akufuna khola la chaka chonse kapena akufuna mawa amange ndege.

Wa ku Joni: Ine pakati ndiima apa. Mangani zoletsedwazo mmene mungafunire, jambulani, sangalalani nazo masiku awiri atatu, kenako masulani. Chimapha pulasitiki ndi nthawi. Ndipo musachite ndi zidutswa zimene muli nazo ziwiri zokha.

Woyang'anira gulu: Ndikukumbutseni abale kuti amene akugulitsa kapena kusinthanitsa zidutswa alembe Lachisanu, osati pansi pa nkhani za anzawo. Ndachotsa mauthenga awiri. Pitirizani.

Bambo a Yami: Ndabweranso. Dzulo madzulo ndinamufunsa Yami monga ananenera AnaPhiri. Anayamba wakana, kenako ndinamuonetsa chithunzi cha chitsime chimene a ku Joni ananditumizira kumbali, n'kuvomera. Pomasula ndinangochotsa njerwa imodzi, khoma lonse linadziwongola lokha ngati uta wothyoka chingwe, ng'ombe ina inakagwera m'mbale ya ndiwo. Tinaziyang'ana imodziimodzi ndi tochi ya foni. Zambiri zili bwino. Zitatu zili ndi kamzere koyera mkati pafupi ndi ngodya, ndipo imodzi yofiira yang'aluka mbali yaifupi kuchokera pansi mpaka pakati. Masiku naini okha amenewo.

Mmisiri wa ku Ndirande: Imodzi pa 280. Ine ndikanati mwapambana.

Bambo a Yami: Yami sakuona choncho akulu, yofiirayo waikulunga m'pepala ati ili ku chipatala. Tamanganso ndi njira ya aphunzitsi, ya tobulungira. Likukhota lokha popanda kulira, ndipo latheka laling'ono ngati mbale ya nsima. Vuto n'lakuti tobulungira tatithera bwalo lisanatseke, patsala mpata wa zala zinayi. Yami akuti pamenepo ndi pachipata, waimikapo kamunthu ka chipewa kuti ng'ombe zisatuluke.

Mayi a Mapasa: Ndafufuza m'chidebe cha mapasa, tobulungira ndapeza 14, tina tachikasu tina tobiriwira, titatu tili ndi zipsera za mano. Ngati mitundu simusankha ndikupatsirani mlamu wanga, akubwera ku Lilongwe Lachiwiri pa basi ya m'mawa.

Woyang'anira gulu: Mayi a Mapasa, ndati Lachisanu.

Mayi a Mapasa: Sindikugulitsa bwana, ndikungopereka.

Bambo a Yami: Mitundu sitisankha mayi, ndipo za mano zomwezo zibwere. Ndikamudikira pa depoti.